A Luhanga ndi Kambale Kawo ka Nyemba

Tinaika a Luhanga m'manda Loweruka lapitali. Lero ndi Lachinayi, ndipo ndatsegula kope langali kuti ndilembe za iwo, chifukwa pamaliro panalankhula anthu asanu ndi awiri koma palibe amene anatchula chimene munthuyu ankachita. Abusa anati anatumikira kachipatala kathu ka mishoni mokhulupirika. Woimira banja anati anali munthu wamtendere, amayi ena kumbuyo kwathu n'kuyamba kutsokomola. A Luhanga sanali munthu wamtendere ayi. Ankakangana ndi aliyense, ndipo mng'ono wanga Alinafe akupuma lero chifukwa cha umodzi mwa mikangano yawoyo.

Ife kwathu ndi ku Ntcheu. Tinabwera kumapiri kuno, kufupi ndi Nchenachena, bambo atawatumiza kudzaphunzitsa ku pulayimale. Alinafe anabadwa ndi matenda a magazi amene kuchipatala amawatcha siko selo, otengera kwa makolo onse awiri ngakhale makolowo sadwala. Amayi anali atamva zambiri: kuti mwanayu anamulodza, kuti sakudya bwino, kuti sadzafika zaka zisanu. A Luhanga ndiwo anali woyesa magazi pachipatalapo, ndipo ndiwo anayamba kuwafotokozera zoona zake, m'Chichewa chawo chija chosakaniza ndi Chitumbuka.

Ankati magazi ndi mudzi. Mwa munthu wabwinobwino, eni mudziwo, amene ndi timaselo tofiira, amakhala miyezi ingapo asanafe. Mwa Alinafe amapindika ngati chikwakwa n'kufa msanga. Mudzi wa maliro a tsiku ndi tsiku wotere umangokhalapo chifukwa m'kati mwa mafupa mukubadwa makanda ambirimbiri. Choncho wofuna kudziwa za mawa asawerenge akuluakulu amene akuyenda m'mudzimo, awerenge makanda. Mudzi ungadzaze bwanji lero, ngati mulibe khanda, umenewo ndi bwinja, kungoti eni ake sanadziwe.

Kuwerenga makandawo ndiyo ntchito imene ankaikonda kuposa zonse. Ankabaya chala chapakati, kusakaniza kadontho ka magazi ndi mankhwala abuluu, n'kudikira akuyang'ana wotchi yoduka lamba imene ankasunga m'thumba. Kenako ankapaka pakagalasi n'kuika pa maikulosikopu. Maikulosikopu yawo sinkadziwa magetsi. Inali ndi kalilole kotengera kuwala kwa dzuwa, n'chifukwa chake tebulo lawo linali pawindo la kum'mawa. Tsiku la nkhungu ankanyamula zonse kupita pakhonde, akudandaulira Mulungu mokweza ngati mnansi amene wabwereka khasu osabweza. Khanda la magazi, ankatero, limadziwika ndi timaulusi tabuluu m'mimba mwake, ngati mwana amene mchombo sunagwe.

Pambali pawo pankakhala timbale tiwiri toikira makapu a tiyi. Akawerenga maselo zana, ankaponya njere ya chimanga m'kambale kamodzi. Akaona khanda, ankaponya nyemba m'kambale kachiwiri. Chimanga chikakwana khumi, basi ntchito yatha, awerenge nyemba n'kulemba m'kabuku ka chipatala ka mwanayo. Nyembazo zinali zomwezomwezo zaka zonse, zofiira, zonyezimira chifukwa chogwiridwagwiridwa. Ana ankawatcha Sekuru Nchunga, pakuti kuno sekuru ndi agogo, nchunga ndiye nyemba, ndipo iwo ankanamizira kusamva. Chala chachikulu ndi chamkombaphala cha dzanja lamanja zinachita kudya buluu uja mpaka sopo anagonja. Ngakhale mgonero ankalandira ndi zala zomwezo.

Ife tinkadikira pabenchi panja pa chitseko, tikumvetsera. Chimanga chinkagwa mopepuka, koma nyemba inkalira kuti nge! Amayi anazolowera kuwerenga kulirako ndi milomo, osatulutsa mawu. Kwa Alinafe nyemba zinkagwa ngati mvula yoyamba padenga la malata, ndipo tinkabwerera kunyumba mitima ili m'malo.

A Luhanga akamawerenga sankayankha moni. Kuno zimenezo si zazing'ono, chifukwa moni wake umafunsa za iwe, za ana, mpaka za amene watsala kunyumba. Abusa ena atangofika kumene anaima pakhomopo nati monire adada, katatu konse. A Luhanga sanadzutse mutu. Chimanga chitakwana anaimirira, anavula magalasi, n'kupereka moni wonse mwaulemu ngati abusawo akungofika. Abusawo anachoka pa mishoni pano asanaiwale.

Ankakangana ndi amayi amene ankaphikira ana masamba a mapeyala kuti awonjezere magazi, poti madzi ake amafiira. Ankati ngati kufiira ndiye magazi, bwenzi tikumwa dothi la katondo. Ankakangana ndi anamwino amene ankapereka mapiritsi owonjezera magazi kwa mwana aliyense woyera m'manja. Ankati ana awa sakusowa njerwa, vuto ndi loti nyumba zikugwa, ndiye kuunjikira njerwa pabwalo n'kungotseka njira. Ana a siko selo amene ankawatsatira sanali ambiri. Ena ankakwera kuchokera kunyanja ku Chiweta, mmodzi ankachokera kutali ku Hewe pa njinga ya amalume ake. Aliyense ankamudziwa mmene kambale kake kamadzazira pa masiku abwino, osayang'ana m'kabuku.

Mkangano umene unawachotsa pa ukulu wa mpingo ndinauona ndekha. M'tchalitchi mwathu ukwati amaulengeza masabata atatu, n'kufunsa ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa awiriwo kukwatirana. Funsoli amangofunsa mwamwambo. Lamulungu lina, atangolengeza ukwati wa mnyamata ndi mtsikana wina, a Luhanga anaimirira. Ananena pamaso pa mpingo wonse kuti mnyamatayo mlongo wake ali ndi siko selo, mtsikanayonso mchimwene wake anafa nayo, choncho ayambe apita ku boma kukayezetsa. Mayi a mtsikanayo anatuluka akulira. Zimene ananenazo zinali zoona, koma zinali zinsinsi za kuchipatala, ndipo ngakhale bambo athu, amene ankawakonda, anati apa mkuluyu walakwa. Ukwatiwo unachitikabe, osayezetsa, ndipo mabanja awiri anasiya kubweretsa ana awo poopa kudzatchulidwa. A Luhanga sanapepese. Anangosamukira pa benchi la kumbuyo, pafupi ndi khomo, ndipo anakhala pomwepo mpaka imfa.

Tsopano ndilembe za tsiku lija. Alinafe anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Linali Lachisanu, dzinja lili pakati, chaka cha chisankho. Sankamva kupweteka m'mafupa monga amachitira nthawi zina. Anangotentha thupi pang'ono masiku awiri, n'kumagona pamkeka masana. Amayi anapita naye chifukwa linali tsiku lake la mwezi ndi mwezi, ine ndinawanyamulira ambulera. Malungo sanapezeke. Nambala ya kuchuluka kwa magazi inali yotsikirapo pang'ono chabe. Adokotala athu anali mnyamata wabwino, wongochoka kumene ku sukulu, amene ankaona yekha mzere wonse wa odwala. Analemba panado, nati tizipita. Chinatsala ndi kabuku basi, kamene kanali kwa a Luhanga.

Tinakhala pabenchi lija. Chimanga chinagwa. China chinagwa. Milomo ya amayi inali yokonzeka, koma inalibe chowerenga. Patapita nthawi tinamva nge! Kenako zii wautali, chimanga, chimanga, kenako nge! wina. A Luhanga anaitananso Alinafe, anamubaya chala china, n'kuyambiranso zonse. Kachiwiri kanali chimodzimodzi.

Anatuluka atanyamula kambaleko ndi manja awiri ngati mbale ya chopereka. Anatidutsa, analowa kwa adokotala osagogoda, m'katimo muli wodwala wina. Chitseko chinatsala chotsegula.

"Adokotala, onani."

"Ndikuona nyemba ziwiri, a Luhanga. Mwandibweretsera ndiwo?"

"Mwana uyu kambale kake kamadzaza. Lero ziwiri. Mafupa aleka kubala. Mumutumize ku boma lero lomwe, akagone pafupi ndi magazi."

"Madala, mwanayo akuyenda yekha. Nambala yake ndaiona, siyoopsa. Ambulansi ili ndi mafuta a ulendo umodzi, ndipo muwodi muli mayi woyembekezera amene sakundisangalatsa. Ndithere mafutawo pa nyemba?"

"Nambala yanuyo ndi ya lero, mwana wane. Ine ndikunena za Lamulungu. Amene mukuwaona akuyenda m'magazimo akufa, ndipo kumbuyo kwawo kulije munthu. Kulije!"

"Abwere Lolemba tidzaonenso."

"Lolemba mudzaona bokosi."

Amayi atamva mawu amenewo anaimirira n'kukaima pakhomo la adokotala. Sindikudziwa ngati anali mantha kapena mkwiyo.

"Adada, tipatseni kabukuko tizipita. Mvula ikubwera. Ndikamuphikira masamba, Lolemba tibwera monga anenera adokotala."

A Luhanga anatenga kabukuko, anakalowetsa m'thumba la malaya a m'kati, n'kumanga mabatani a chovala chawo choyera mpaka pakhosi.

"Yayi, mama. Masambawo mukamwe ndinu. Kabuku mukakalandirira ku boma."

"Kodi mwanayu ndi wanu?"

"Inu mumadziwa nkhope yake. Ndopa zake nazimanya ndine, zaka zinayi."

Ndopa ndiye magazi. Amayi analira, anawatchula mfiti yolosera ana a eni ake, koma a Luhanga anali atatuluka kale pamvula opanda chofunda. Anakaima pakati pa msewu wamatope, manja atatambasula. Galimoto yoyamba kutsika inali lole yodzaza amayi ovala zitenje za chipani, akupita ku msonkhano ku boma akuimba. Dalaivala anaima movutikira n'kutulutsa mutu.

"Iwe mdala, watopa ndi moyo?"

"Mwakhala mukutilonjeza msewu ndi ambulansi. Yambani ndi mwana uyu."

Nyimbo inaduka. Mayi wina wonenepa anati kwezani mwanayo, ndani wabereka mwala pano? Anamulandira Alinafe, anamufunditsa chitenje cha chipani, ndipo amayi, akadali kulira, anakwera. A Luhanga anakweranso ndi kabuku kawo pachifuwa. Ine ananditumiza kusukulu kukauza bambo kuti atsatire ndi anzawo awiri amphamvu, akapereke magazi asanafunike.

Zotsatira ndinazimva kwa amayi. Ku boma nakonso poyamba anati mwanayu sakuoneka wodwala kwambiri, koma atawerenga zimene a Luhanga analemba anamugoneka. Loweruka anasiya kudya. Lamulungu m'mawa milomo inayera ngati ufa, mutu osadzuka, mtima ukugunda ngati wa mpheta. Nambala ija inali itagwa ndi theka. Magazi anali okonzeka kale, anangomuika. Loweruka lomwelo mvula inagumula kamlatho ka kumunsi kwathu, ndipo galimoto sinakwere kuno masiku asanu.

Patapita masabata awiri tinakhalanso pabenchi lija, nyemba zikugwa motsatizana mpaka amayi anasokonezeka kuwerenga n'kuyamba kuseka okha. Anapita kwa a Luhanga ndi nkhuku. Iwo anaikweza, anaipapasa pachifuwa, nati, "Yewo chomene, mama. Koma nkhuku iyi nayo ikusowa ndopa." Za mawu oti mfiti aja sanazitchule. Adokotala achinyamata aja anabwera tsiku lina, anaima pakhomo mwakachetechete mpaka chimanga chinakwana, n'kupempha kuti awaonetse timaulusi tabuluu tija. Anabweranso kangapo. Chaka chisanathe anawasamutsira ku chipatala china.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepo.

Maso a a Luhanga anayamba kuchita ng'ala, ndipo sanauze munthu. Ankangochedwa kuposa kale, n'kumanena kuti dzuwa la masiku ano ndi lofooka. Tsiku lina anawerengera kamtsikana ka msodzi wa ku Chiweta n'kupeza nyemba zitatu. Anachita monga anachitira kwa ife. Anakalipa, anagwira kabuku, anaimitsa galimoto. Makolowo anasiya usipa pathandala n'kuthamangira ku boma. Kumeneko mwanayo anagona masiku anayi, magazi osatsika ngakhale pang'ono, akusewera muwodi. Pobwerera anapeza usipa wonse utaola ndi mvula. Bambo wake anakwera phiri lonse kudzatukwana pakhonde la chipatala, anthu akumva. A Luhanga sanakangane naye, chinthu chimene sichinachitikepo. Anatenga kagalasi ka mwana uja, kamene anali atasunga, n'kupempha namwino wina kuti asuzumire. Namwinoyo anati akuona timadontho tabuluu paliponse. M'mawa mwake a Luhanga anapereka kiyi wa chipindacho, anakankha njinga yawo, napita.

Kuyambira pamenepo anthu anayamba kunena kuti za nyemba zija zinali zongopeka, kuti ngakhale za Alinafe anangochita mwayi. Posakhalitsa kunabwera makina atsopano kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino. Amatulutsa kapepala ka manambala pa mphindi imodzi, magetsi akakhalapo. Aliyense anasangalala, inenso ndinasangalala. Sitinadziwe kuti makinawo amawerenga akuluakulu okha. Mankhwala abuluu anasiya kuitanitsa. Achemwali amene amayesa magazi tsopano ndi munthu wachifundo, koma ali okha, mzere umafika pa mtengo wa mango. Nditawafunsa za makanda a magazi anati amazidziwa, anaphunzira kusukulu, koma mankhwala ake palibe, ndipo ngakhale akanakhalapo, nthawi yowerenga maselo chikwi a mwana mmodzi aitenga kuti?

Komaliza kuwaona a Luhanga ali moyo kunali pa tchuthi chapitachi. Anali pakhonde la nyumba yawo atafunda jekete, maso atayera. Anagwira dzanja la Alinafe, anapapasa mpaka anapeza chala chapakati, n'kuchisisita. Buluu uja anali atatha pa zala zawo, ndipo manjawo ankaoneka ngati a munthu wina. Anauza amayi kuti mwanayu akadzayamba kugona masana popanda chomupweteka, asadzakhulupirire kapepala kamodzi. Adzabwerere mawa lake, ndi mkuja, mpaka adzatope nawo. Anati ulemu ndi wabwino kutchalitchi, koma kuchipatala unaika ana ambiri m'manda. Amayi anaseka nati iwo sangathe kukhala ovuta ngati adada. A Luhanga sanaseke.

Alinafe tsopano ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Kuyambira Lolemba akugona pamkeka masana. Palibe chikumupweteka. Dzulo kapepala kanati nambala yake yatsikirapo pang'ono chabe, ndipo anatiuza kuti tibwere Lolemba. Mwina ndi kutopa basi. Mwina mafupa ake akubala monga mwa masiku onse, ndipo ndikudzivutitsa pachabe ngati msodzi wa ku Chiweta uja. Sindikudziwa, ndipo palibe pa phiri lonse lino amene angandiuze. Ndili fomu 3. Ndikulimbikira sayansi, ndipo aphunzitsi akuti ndikapitiriza chonchi ndingathe kudzaphunzira zoyesa magazi. Ndikukhulupirira kuti zidzatheka. Koma zimenezo ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi kutsogoloku, pamene funso la Alinafe ndi la Lamulungu.

Lero m'mawa sindinapite kusukulu. Amayi anavala nsalu yawo n'kunena kuti tiyeni tikawatopetse. Tinapeza magetsi atazima. Achemwali aja anapepesa kwambiri, nati magetsiwo mwina abwera madzulo, mwina mawa. Amayi anati tidikira. Ndipo sanasunthe.

Chitseko chinali chotsegula, ndiye ndinasuzumira. Tebulo la pawindo la kum'mawa lilipo, koma paunjikidwa makatoni a magolovesi. Pawindopo anapachika katani, poti dzuwa limatenthetsa makina. Maikulosikopu ya kalilole ili pamwamba pa kabati, atayivundikira ndi pilokesi yakale. Kambale kamodzi ndinakaona pa sinki, akuikapo sopo. Kachiwiri kaja palibe akudziwa kumene kanapita, ndipo nyemba zija akuti wosesa anazitaya kalekale. Pansi pa tebulo simenti inakumbika pamalo awiri, pamene zidendene zawo zinkaponda.

Tinakhala pabenchi lomwe lija mpaka dzuwa linachoka pakhomo. Alinafe anatsamira paphewa panga n'kugona, dzanja lili pa bondo, chala chapakati chitatambasuka monga anazolowerera. Nditayang'ana amayi ndinaona milomo yawo itatseguka pang'ono, yokonzeka kuwerenga. M'chipindamo simunagwe kanthu.